Vani ngati nyumba: kaundula wa chaka choyamba pa ndalama ya ulumali ku Britain

Zolemba izi ndi kaundula wa ntchito imene ndinayamba mu Malichi 2025, yosandutsa vani yonyamula katundu kukhala nyumba yoyenda nayo, ndi kukhalamo popanda kutaya thandizo la boma limene ndimalandira chifukwa cha ulumali. Ndakhala ku England zaka zoposa makumi awiri, ndipo zambiri mwa zakazo ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba m'chigawo cha Midlands, kufikira pamene msana unandigwetsa n'kufooketsa mwendo wakumanzere. Panopa ndimayenda ndi ndodo ziwiri, ndipo mtunda umene ndimatha kuyenda ndisanafune pokhala sufika kutalika kwa minibasi zinayi zondondozana pa depoti.

Malichi 2025

Kalata ya eni nyumba inafika sabata yoyamba ya mwezi. Inali ya mtundu umene kuno ankautcha Section 21, umene panthawiyo unkapatsa wochita lendi miyezi iwiri kuti asamuke ngakhale sanalakwe kanthu. Dzina langa lili kale pamndandanda wa khonsolo wa anthu ofuna nyumba yopanda masitepe, koma nyumba zoterezi n'zochepa kulikonse, ndipo zimene ndinkazipeza kwa eni nyumba wamba zinali za lendi yoposa imene Universal Credit, thandizo la boma la anthu opeza zochepa, ikanandilipirira. Nditawerengera kawiri katatu, ndinaona kuti ndalama imene ndikanamawonjezera pa lendi mwezi ndi mwezi ikanakwana kugula dizilo ndi kulipira malo ogonekapo vani.

Ndalama zimene ntchito yonseyi yatsamirapo ndi za mitundu iwiri. Yoyamba ndi Personal Independence Payment, imene aliyense amangoti PIP. Ili ndi mbali ya zochita za tsiku ndi tsiku ndi mbali ya kayendedwe, ndipo mbali iliyonse ili ndi mlingo wotsika ndi wokwera. Ine ndili pa mlingo wotsika wa mbali yoyamba ndi wokwera wa yachiwiri, zimene kuyambira mu Epulo 2025 zikhala £73.90 ndi £77.05 pa sabata, kapena kuti £603.80 pa masabata anayi alionse. Yachiwiri ndi Universal Credit, imene idzakhala £400.14 pa mwezi, kuphatikizapo £423.27 ya munthu amene anamuyeza n'kupeza kuti sangagwire ntchito. Gawo la lendi lidzatha tsiku limene ndidzabweze makiyi.

PIP siyang'ana zimene munthu wasunga, koma Universal Credit imayang'ana. Ndalama zosafika £6,000 saziwerengera. Kupitirira apo amadula £4.35 pa mwezi pa £250 iliyonse, ndipo zikapitirira £16,000 thandizolo limaima. Palinso lamulo loletsa kumwaza dala ndalama n'cholinga choti thandizo lichuluke, n'chifukwa chake lisiti lililonse la ntchitoyi, ngakhale la paketi ya masikuluwu, ndikulisunga mu envulopu imodzi. Kwa abale amene akuwerenga ali kuno pa viza yolembedwa mawu akuti no recourse to public funds, ndinene poyera kuti njira imeneyi ndi yotseka kwa iwo, pakuti PIP ndi Universal Credit zonse zili m'gulu la ndalama zimene viza yotere imaletsa.

Ndinalingalira za Motability, ndondomeko imene munthu amapereka ndalama yake ya kayendedwe n'kubwereka galimoto yatsopano. Ndi yabwino kwa amene ali ndi nyumba, koma galimoto yobwereka sungaiboole mazenera monga ukufunira, ndipo £77.05 ya pa sabata ija ndi imene ndikudalira pa dizilo. Choncho ndinagula vani ya 2017 pa £6,900, itayenda kale mamailosi 168,000. Ndinaumirira pa zinthu zinayi: giya yosintha yokha chifukwa mwendo wakumanzere sungaponde kilatchi, denga lalitali loti ndiziimirira osawerama, kulemera kosapitirira makilogalamu 3,500 amene laisensi wamba imalola, ndi injini ya Euro 6 kuti ndisamalipire polowa m'mizinda yoletsa utsi, monga £8 ya ku Birmingham kapena £12.50 ya ku London.

Epulo 2025

Ntchito ya matabwa ikugwiridwa ndi bambo ena a kumpingo kwathu, kalipentala wopuma pantchito, amene anakana malipiro n'kuti ndizingowagulira nkhomaliro. Ine ndimagwira zimene zimatheka nditakhala pampando: kuyeza, kulemba mizere, kupala ndi sandipepa.

Tinayamba ndi kutaya pulani imene ndinaijambula potengera mavidiyo a pa YouTube. Mavani a m'mavidiyo amenewo amaika bedi m'mwamba kuti pansi pakhale mosungira njinga, ndipo mwini wake amalumphirapo ngati mwana wa mbuzi. Langa tinaliika pa masentimita 50 kuchokera pansi, msinkhu wa mpando wamba, moti nditakhala pamenepo mapazi amaponda pansi ndipo dzanja limafika pa mbaula, pa sinki ndi pa kabati ya mankhwala popanda kudzuka. Chimbudzi cha kabokosi chili moyang'anizana ndi bedi, mapazi awiri okha. Tinachotsanso chitsulo cholekanitsa kutsogolo ndi kumbuyo, n'kuika mpando wotembenuka, kuti ndikaimitsa galimoto ndisamatsike panja pa mvula kukalowera pa chitseko cha m'mbali.

Cholakwa choyamba chinali changa. Ndinakhomera chogwirira cha pakhomo pa pulayiwudi ya khoma ndi masikuluwu anayi, tsiku limene akalipentala sanabwere, ndipo pa tsiku lachitatu chinazuka ndikukwera, ine n'kukhala pansi pa phula ndodo zili kwina. Atabwera m'mawa mwake anayang'ana mabowowo nthawi yaitali, kenako anati, "Achimwene, thabwa limagwira kapu ndi supuni, koma munthu wa msinkhu wanu amagwiridwa ndi chitsulo." Tsopano chogwiriracho chamangidwa ndi mabawuti pa nthiti ya galimoto, ndipo ndataya masiku asanu ndi limodzi ndili chigonere.

Zamagetsi zatha: masola a mawati 300 padenga, batire ya lithium ya 200Ah, tchaja chodzaza batireyo injini ikamalira, hita ya dizilo ya 2kW, ndi alamu yochenjeza za mpweya wakupha wa carbon monoxide. Titapita pa sikelo ya magalimoto, thanki ya madzi ya malita 60 ili yodzaza ndipo ine ndili pampando, inawerenga makilogalamu 2,940. Zatsala ndi makatani ndi chotchinga kuzizira cha pazitseko zakumbuyo.

Meyi 2025

Mwezi uno sindinagwire hamala kwenikweni, koma ndi umene wandithetsa nzeru kuposa yonse. Vani imatha kugona malo atsopano usiku uliwonse, koma pepala lililonse limene limandisunga ndi moyo limafuna keyala imodzi yosasuntha. A DVLA, ofesi ya boma yoona za malaisensi ndi magalimoto ku Swansea, amaifuna pa laisensi ndi pa buku la galimoto la V5C, ndipo kusawadziwitsa kuti yasintha kuli ndi chindapusa chofika £1,000. A inshulansi amaifuna, a banki amaifuna, khonsolo yopereka Blue Badge, chiphaso cha aulumali choimikira galimoto, imaifuna, ndipo makalata a PIP amabwera pa pepala, m'envulopu yofiirira, ali ndi tsiku lomaliza kuyankha.

Mlongo wanga wamng'ono, amene amakhala mumzinda womwe ndikuchita lendi, ndiye wandibwereka keyala yake. Sanavomere msanga. Titakhala pa tebulo lake anandifunsa kuti, "Ndiye achimwene, kumudzi akafunsa tizinena kuti mukugona m'galimoto ngati kondakitala?" Ndinamuyankha kuti kondakitala alibe sinki, koma iye sanaseke. Nkhawa yake ina inali yomveka kwambiri: popeza m'nyumbamo munthu wamkulu ndi iye yekha, amachotseredwa 25 peresenti pa msonkho wa khonsolo, ndipo ngati mapepala angaoneke ngati ndasamukira kwa iye, mwayi umenewo ungamuthere. Choncho paliponse ndalemba momveka kuti imeneyi ndi keyala yolandirira makalata basi, ndipo ine ndilibe malo okhazikika. Mu journal ya Universal Credit, tsamba la pa intaneti lolemberana ndi ofesi yawo, ndinalemba tsiku lobweza makiyi, ndi kuti kuyambira tsikulo ndikukhala mu vani imene ndi yanga. Ndinaimbiranso a PIP kunena zomwezo. Ndinaganiza zongokhala chete n'kusintha keyala yokha monga amachitira ena, koma bodza laling'ono lotere likadzaululika lingaike pa chiswe ndalama imene ndilibe china cholowa m'malo mwake.

Tagwirizana kuti envulopu iliyonse yofiirira aziitsekula tsiku lomwelo n'kunditumizira chithunzi pa WhatsApp, tsamba lililonse, ngakhale lakumbuyo limene limaoneka ngati lilibe kanthu.

Inshulansi ndiyo yadula kuposa mmene ndinkayembekezera. Makampani ambiri akangomva kuti munthu azigona m'galimoto chaka chonse amakana, ndipo amene anavomera ananditchaja £95 pa mwezi. Kumbali ina, msonkho wa pamsewu sindilipira, chifukwa wolandira mlingo wokwera wa kayendedwe amaloledwa kulembetsa galimoto imodzi m'gulu la aulumali. Ndinakachita zimenezi ku Post Office ndi kalata yaumboni. Kwa dokotala wa GP sikunavute, popeza ku England munthu sakakamizidwa kuonetsa umboni wa keyala kuti alembetse, ndipo ndakhalabe pa chipatala chimene chimadziwa mbiri ya msana wanga.

Juni 2025

Ndinabweza makiyi ndi kugona usiku woyamba pa munda wina ku Derbyshire, pa malo a mtundu wa Certificated Location. Amenewa ndi malo ang'onoang'ono a mamembala a Caravan and Motorhome Club, nthawi zambiri pa famu, olandira magalimoto osapitirira asanu, ndipo munthu sapitirira masiku 28 pa ulendo umodzi. Ndinalipira £16 pa usiku, ndi mpopi wa madzi komanso potayira za m'chimbudzi. Ndinaphika nsima nditakhala pa bedi, poto nditaupanikiza ndi dzanja lamanzere chifukwa mbaula ya gasi ndi yopepuka ndipo imathawa mthiko, ndipo nthunzi inadzaza mazenera onse mpaka nkhosa za panja zinazimiririka.

Bajeti silola kulipira usiku uliwonse, choncho ndikusakaniza: masiku atatu kapena anayi pa malo olipira, otsalawo m'mbali mwa msewu pamene palibe chikwangwani choletsa. Apa m'pofunika kudziwa lamulo. Kuyambira mu 2022, ku England ndi Wales ndi mlandu kukhala ndi galimoto pa malo a eni popanda chilolezo ngati ukuwononga kapena kusokoneza kwambiri anthu ndipo wakana kuchoka atakuuza. Chilango chake chimafika miyezi itatu ya ndende kapena £2,500, ndipo apolisi angalande galimotoyo. Kwa munthu wina kulandidwa vani ndi kusokonezeka kwa tchuthi, koma kwa ine ndi bedi, mankhwala ndi chimbudzi kupita nthawi imodzi. Lamulo langa ndi losavuta: kufika dzuwa litapendeka, kusatulutsa mpando kapena chingwe choyanikira zovala, kusagona kawiri pamalo amodzi, ndi kuchoka osatsutsa munthu akagogoda. Wagogoda ndi mmodzi mwezi uno, mlimi wofuna kudutsa ndi thirakitala, ndipo ataona ndodo anandilozera pena pabwino kuposa pamene ndinali.

Blue Badge imathandiza masana. Imandilola kuima pa mizere yachikasu mpaka maola atatu, koma si chilolezo chogona. Vuto limene sindinaliganizire ndi zipata zachitsulo zimene amaika polowera m'malo ambiri oimikapo magalimoto, pa msinkhu wa mamita awiri kapena kupitirira pang'ono. Vani yanga ndi masola ake ndi mamita 2.7. Kangapo ndaima kunja kwa chipata ndikuona malo a aulumali ali mbee pafupi ndi khomo, ine osatha kuwafika. Kusamba ndikumasamba ku malo a masewera olimbitsa thupi amene ali ndi bafa la mpando, ndipo kiyi wa Radar, wotsekula zimbudzi za aulumali zambirimbiri m'dziko muno, ndamumangirira pa ndodo yakumanja.

Ogasiti 2025

Ulendo wa ku Scotland ndiwo unali mayeso a ntchito yonse, ndipo vani inakhoza koma ine ndinalephera. Mtunda wa makilomita opitirira 400 ndinauyenda masiku awiri, pofuna kudzionetsa kuti ndingathe, ndipo nditafika ndinagona masiku anayi mwendo ukuyaka ngati wathiridwa tsabola. Kuyambira pamenepo sindiyendetsa kupitirira ola limodzi ndi theka pa tsiku, m'mawa mokha, ndipo tsiku lotsatira ndi lopuma. Mapu anga tsopano ndimawayeza ndi msana, osati ndi thanki.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti ku Scotland munthu angagone paliponse. Ufulu umene lamulo la 2003 linapereka ndi wa oyenda pansi, apanjinga ndi omanga tenti. Magalimoto sali m'menemo, ndipo m'mbali zina za nyanja ya Loch Lomond pamafunika chiphaso kuyambira Malichi mpaka Sepitembala. Ku Scotland PIP inalowedwa m'malo ndi Adult Disability Payment, koma zimenezo zimakhudza wosamukirako, osati mlendo wa masabata atatu ngati ine. Ndinapatukira ku Blantyre wa m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, n'kujambula vani pansi pa chikwangwani cha dzinalo. Chithunzicho ndinatumiza kwa mlongo wanga ndi uthenga woti akauze akumudzi kuti ndili ku Blantyre, ndipo ulendo uno anaseka.

Chinandibweza msanga ndi mankhwala. Pregabalin amene ndimamwa chifukwa cha ululu wa mitsempha anaikidwa m'gulu la mankhwala otetezedwa mu Epulo 2019, ndipo ndimapatsidwa a mwezi umodzi basi. Ku England dokotala amatumiza chikalata chake pa kompyuta ku famase iliyonse imene ndasankha, moti ndimangosintha dzina la famase pa foni malinga ndi kumene ndili, koma njira imeneyo siwoloka malire kupita ku Scotland. Ndinawerenga mapiritsi otsala, n'kupeza asanu ndi anayi, ndipo ndinatembenuza chiwongolero kulowera ku Carlisle, mzinda wa ku England wa pafupi ndi malire. Mankhwala amenewa saasiya mwadzidzidzi.

Okutobala 2025

Chithunzi cha envulopu yofiirira chinafika ndili ku Shropshire. Inali fomu younikanso PIP, yofunika kubwezedwa pasanathe mwezi. Ndinabwerera kumzinda wa mlongo wanga masiku atatu, mwa mlingo wanga uja.

Ndisabise, fomu imeneyi ndakhala ndikuiopa chiyambire ntchitoyi, chifukwa cha funso limene anthu amandifunsa ndi maso ngakhale pakamwa atatseka: munthu woyendetsa vani mpaka ku Scotland angakhale bwanji wolumala? Bambo wina woyenda ndi galu anandifunsa ndithu, ataona Blue Badge pagalasi, ndipo anangokhala chete nditatsekula chitseko n'kuyamba kutsika, ntchito imene imanditengera nthawi yoti iye akanatha kumanga nsapato zonse ziwiri.

Mlangizi wa ku Citizens Advice, bungwe lolangiza anthu kwaulere, anandikhazika mtima pansi pondikumbutsa zimene PIP imayeza. Siyeza kumene munthu amagona, kapena mamailosi amene galimoto yake yayenda. Imayeza ntchito khumi za tsiku ndi tsiku, monga kuphika, kusamba, kuvala ndi kupita kuchimbudzi, ndi ziwiri za kayendedwe, ndipo pa iliyonse funso ndi lakuti kodi munthuyo angaichite mosadzivulaza, mokwanira bwino, mobwerezabwereza, komanso m'nthawi yosapitirira kawiri ya munthu wopanda vuto, pa masiku oposa theka. Mapointi 8 amapereka mlingo wotsika, 12 wokwera, ndipo wosatha kuyenda kupitirira mamita 20 amapeza 12 pa kayendedwe.

Choncho ndinalemba zoona zokhazokha, ndipo zoonazo zinali kale mu kaundula uno. Ndinalemba kuti ndimaphika nditakhala chifukwa sindingaime pa mbaula. Kuti ndimasamba kawiri pa sabata pa mpando, ndipo kumapazi ndimafika ndi burashi ya mpini wautali. Kuti masokosi ndimavala ndi chida. Kuti ndinagwa mu Epulo. Kuti ulendo wa masiku awiri unandigoneka masiku anayi. Polemba m'pamene ndinazindikira chinthu chimene chingasocheretse wowerenga fomuyo, ndi ine ndemwe: vani imabisa ulumali wanga chifukwa tinaimanga mozungulira ulumaliwo. M'kati mwake palibe chili kutali kuposa mapazi atatu, moti tsiku lonse lingathe osaona kuti sindiyenda. Zimaonekera pa khomo la sitolo. Ndinajambula tsamba lililonse ndisanatumize, ndipo ndalama ikupitirira kulowa pamene akuunika.

Disembala 2025

Dzuwa la kuno mwezi uno limatuluka mochedwa, n'kukwawa m'munsi mwa thambo maola osakwana asanu ndi atatu, ndipo masola amene mu Juni ankadzaza batire isanakwane nthawi ya nkhomaliro tsopano akupereka zongokwana kutchajira foni. Batire ya lithium siyenera kutchajidwa ikazizira kufika pansi pa madigiri 0, choncho m'mawa wa chisanu ndiyenera kutenthetsa m'kati kaye, pamene hita yotenthetserayo imafunanso magetsi ochuluka poyaka. Munthu wamphamvu amathetsa vutoli poyendetsa galimoto maola awiri kuti injini idzaze batire. Ine mwayi umenewo ndilibe.

Hita inazima usiku wina cha m'ma 3 koloko, ndipo kuyesa kuiyatsanso kunangotulutsa utsi woyera pansi pa galimoto. Pofika mbandakucha mkati mwa galasi lakutsogolo munali mutaundana, ndipo mwendo unali utauma moti sindikanaponda sitepe. Ndinadikira m'bulangete mpaka 9 koloko ndi botolo la madzi otentha. Makaniko anapeza kuti ndinaitsamwitsa ndekha: pofuna kusunga dizilo ndinkaiyatsa pa moto wochepetsetsa usiku wonse, ndipo mwaye unadzaza m'kati. Kukonza kunadya £110, ndalama yoposa dizilo yense amene ndinkati ndikupulumutsa. Tsopano ndimaikweza mpaka pamapeto kwa theka la ola tsiku lililonse.

Chinyezi nachonso chandipeza. Nditanyamula matiresi ndinapeza kunsi kwake kwachita chuku, madontho akuda ngati a nkhungudzu, chifukwa thabwa la bedi linali lopanda mabowo. Akalipentala aliboola mabowo makumi anayi, ndipo kazenera ka padenga kamakhala kotsekula pang'ono ngakhale kuzizire bwanji. Pali ndalama ya Cold Weather Payment, £25 pa masiku asanu ndi awiri alionse a chisanu choopsa pakati pa 1 Novembala ndi 31 Malichi, koma imatsatira nyengo ya dera la keyala, osati ya munda umene vani yagona, choncho sindinaiike mu bajeti. Chigamulo cha mwezi uno n'chakuti mpaka Malichi ndizigona pa malo olipira okhala ndi magetsi olumikiza, ndikusinthasintha malo atatu apafupi ndi mzinda wa mlongo wanga.

Januwale 2026

Malume anga anamwalira ku Ntcheu pa sabata yachiwiri ya mwezi. Ndinakhala usiku wonse ndi foni ndikuwerenga malamulo. PIP imalola munthu kukhala kunja kwa dziko mpaka masabata 13, koma Universal Credit imalola mwezi umodzi wokha, umene ungawonjezedwe ndi wina ngati wamwalira ndi mwamuna kapena mkazi wako, mwana, kapena m'bale wapafupi. Mndandanda wa abale apafupiwo uli ndi makolo, apongozi, ana ndi abale a bere limodzi, koma malume mulibe, ngakhale kwathu iwo ndiwo anali mwini mbumba, amene anandilipirira sukulu ndi kukandiimira pa chinkhoswe.

Mwezi umodzi ukanakwana, koma tikiti ya ndege yogula mwadzidzidzi ikanameza thumba lonse lokonzera galimoto, ndipo vani ikanakhala pa chisanu ndi mapaipi ake popanda woiyang'ana. Sindinapite. Ndinatumiza chipepeso, n'kumvera nyimbo za pamaliro pa foni ya msuweni wanga ndili pa bedi, hita ikulira pansi pa mpando. Ndayamba kusunga £40 pa mwezi padera kuti ndidzapezeke pomanga chiliza.

Febuluwale 2026

Ndalama zolowa, PIP ikagawidwa pa miyezi khumi ndi iwiri n'kuphatikiza ndi Universal Credit, ndi pafupifupi £1,477 pa mwezi. M'miyezi yozizirayi malo ogona akudya pafupifupi £520, dizilo wa injini ndi hita £150, inshulansi £95, chakudya ndi gasi £230, foni, kusamba ndi kuchapa £75. Ndimaika £150 m'thumba la zokonza ndi £40 ya chiliza, ndipo zotsalazo zimapita ku zinthu zimene msana umafuna, monga fiziyo yolipira ndekha kamodzi pa mwezi. M'chilimwe malo ogona ankadya theka la ndalama imeneyo koma dizilo ankakwera. Poyerekeza ndi lendi imene ndikanalipira, ndapulumutsa zochepa kuposa zimene ndinalemba mu Malichi, chifukwa kuwerengera kwanga kunali kwa munthu amene sanagonepo m'chitsulo mu Disembala.

Yankho la PIP silinafike. Dzina langa likadali pamndandanda wa khonsolo, ndipo ndimalowa pa intaneti sabata iliyonse kuona nyumba zimene zatuluka. Ikapezeka yapansi ndidzaitenga, vani n'kukhala ya maulendo a chilimwe. Zotsala pa galimoto ndi sitepe yotuluka yokha ndi magetsi, popeza ya pulasitiki imaterera pa chisanu ndipo kuikoka ndi ndodo ndikakwera kwandikwana, komanso kapaipi kotenthetsa bokosi la batire.

MOT, kuyeza galimoto kwa chaka ndi chaka kumene lamulo limafuna, ndi ya pa 3 Malichi. Nyumba ikalowa mu galaja mwini wake amafunika pokhala, choncho mlongo wanga wandikonzera sofa usiku umodzi, ndipo ndamupempha makaniko kuti akapeza vuto lofuna masiku angapo andiuze isanakwane 12 koloko, kuti ndikatulutse mankhwala, mpando wosambira ndi envulopu ya malisiti asanatseke chipata.